Pamene Nkhokwe ya mu Kompyuta Yakana Kudzuka

Khalani bwino, ikani mapensulo pansi, ndipo mutchere khutu. Aphunzitsi, tikupemphani kuti tisanayambe mulembe pa bolodi mawu atatu awa: database, seva, ndi logi. Mawuwa ndi achilendo, koma tidzawamasulira limodzi ndi limodzi pamene tikupita.

Lero ndikutengerani ku Chazanga, komboni ina ya kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, yoyandikana ndi Kabanana ndi komboni ya Chipata. Kumeneko ndinaitanidwa tsiku lina kukaona kompyuta ya pa sukulu ina yaing'ono, imene sindidzaitchula dzina. Koma kuti mumvetse chimene chinavuta, tiyambe ndi chinthu chimene mumachiona m'mawa uliwonse.

Aphunzitsi anu akalowa m'kalasi amatsegula kaundula ndi kuitana mayina. Taganizirani za kaundulayo. Mwana aliyense ali ndi mzere wake wopingasa, ndipo pali mizere ina yotsika: wina wa dzina, wina wa tsiku lobadwa, wina woonetsa ngati mwanayo wabwera kapena wajomba. Tsono database ndi makaundula ambiri otere osungidwa mu kompyuta, ndipo ndi olumikizana, kotero kuti mukatchula nambala ya mwana mmodzi, mupeza dzina lake, malikisi ake, ndi dzina la womulera, zonse nthawi imodzi. Nzeru yosunga zinthu m'mizere yolumikizana chotere inafotokozedwa m'chaka cha 1970 ndi Edgar Codd, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM ku America. Ife m'phunziro lino tidzaitcha nkhokwe, pakuti ntchito yake ndi yomweyo: kusunga lero zimene tidzazifuna mawa.

Nkhokwe zotere zatizungulira ngakhale sitizipenya. Amayi anu akapita ku kiliniki ndi khadi la SmartCare, anamwino amapeza mbiri ya matenda awo m'nkhokwe. Atate anu akatumiza ndalama pa foni, nkhokwe ina imachotsa kwacha pa mzere wawo ndi kuziika pa mzere wa agogo anu kumudzi. Zotsatira za mayeso a Giredi 7 nazonso zimasungidwa m'nkhokwe ya bungwe la Examinations Council of Zambia.

Nanga seva n'chiyani? Pa mudzi wolongosoka, si mwana aliyense amene amakwera m'nkhokwe kukatapa chimanga. Pamakhala munthu mmodzi wosunga nkhokweyo, ndipo onse amapempha kwa iye. Mu kompyuta wosunga nkhokweyo ndi pulogalamu, ndipo pulogalamuyo pamodzi ndi makina amene imakhalamo ndiyo timaitcha seva. Ya pa sukulu imene ndikunenayi dzina lake ndi PostgreSQL. Inayambira pa yunivesite ya California ku Berkeley m'chaka cha 1986, ndipo chizindikiro chake ndi njovu, nyama imene anthu amati siiwala. Gwirani bwino mfundo iyi, ana inu: makina angathe kuyaka, nyali yake n'kumawala, mphepo n'kumatuluka kumbuyo, koma wosunga nkhokwe ali chigonere. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa.

Tsopano tipite ku Chazanga. Chinali chaka cha 2024, chaka cha chilala. Mukumbukira kuti pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Magetsi athu ambiri amachokera ku mphamvu ya madzi, ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, motero madzi atachepa m'nyanja ya Kariba magetsi nawonso anachepa. Pofika mwezi wa Okutobala, m'makomboni ambiri magetsi ankayaka maola ochepa okha pa tsiku, ndipo nthawi zina ankabwera pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Mbaula zinabwerera pakhomo paliponse, ndipo ogulitsa makala, amene muno mu Lusaka timati malasha, ndiwo anali kumwetulira.

Lolemba m'mawa, patapita masiku anayi chichitikire chikondwerero cha ufulu cha pa 24 Okutobala, aphunzitsi aakulu a pa sukulu ija, mayi wachikulire wodziwa ntchito yake, ananditumizira uthenga. Nditafika ndinawapeza ataima pakhomo la ofesi.

"Bambo, mwachita bwino kubwera," anatero. "Magetsi abwera, koma kompyuta ikukana kutipatsa mayina a ana. Malikisi onse a chaka chino ali mmenemo. Makolo akudikira malipoti, ndipo ana ena akusamukira ku sukulu zina, afuna makalata. Mabuku akale tinaleka kulembamo chaka chatha."

M'kati munali mphunzitsi wachinyamata amene ankayang'anira makompyuta. Thukuta linali kamukamu. Anandiuza moona mtima kuti anali atazimitsa ndi kuyatsanso makinawo kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse yankho linali lomwelo: makompyuta ena a mu ofesi ankanena kuti sangathe kulankhula ndi nkhokwe. Sindinamudzudzule. Tonsefe tinazolowera kuti foni ikavuta timaizimitsa ndi kuiyatsanso, ndipo kawirikawiri imachira. Kuyesa kamodzi si kulakwa. Koma chinthu chikakana kawiri, chili ndi chifukwa chake, ndipo kuchikankha kachitatu sikuchotsa chifukwacho. Galimoto yopanda petulo, ngakhale mutaikankha kuchokera ku Chazanga mpaka ku Matero, sidzalira.

Ndinayamba ndi zinthu zapafupi, zimene ngakhale mwana wa Giredi 4 angathe kuziona. Kodi makina ayakadi? Inde. Kodi chingwe cholumikiza makinawo ndi makompyuta ena chalowa bwino? Inde. Ndiye ndinafunsa makinawo ngati pulogalamu yosunga nkhokwe ili maso, ndipo anayankha kuti inayesa kudzuka koma inagwanso pomwepo.

Apa ndipo pafika mawu athu achitatu. Logi ndi buku limene pulogalamu imalembamo zonse zimene zikuichitikira, mzere ndi mzere, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yake. Ikadzuka imalemba. Ikaona chachilendo imalemba. Ikamagwa, imayesetsa kulemba chimene chaigwetsa. Lili ngati buku la mlonda wa usiku, limene akuluakulu amawerenga m'mawa kuti adziwe zimene zinachitika iwo ali m'tulo. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri okonza makompyuta amathamangira kusintha ichi ndi icho asanatsegule bukuli. Ine ndimaona ngati sing'anga amene akubaya jakisoni wodwala asanamufunse pamene pakupweteka.

Tinatsegula logi ndi kupita kumapeto kwake, pakuti zatsopano zimakhala pansi. Tinapeza chinthu chachilendo: bukulo linathera pa Lachisanu masana, ndipo mzere womaliza unadukira pakati, ngati munthu amene wamulanda pensulo ali m'kati molemba. Za Lolemba munalibe ngakhale liwu limodzi, chonsecho mnyamata uja anali atayatsa makina kasanu ndi kawiri. Ana inu, taganizani. N'chiyani chingaletse mlonda kulemba m'buku lake? Kapena pensulo yatha, kapena mapepala atha.

Ndinaidzutsa pulogalamuyo ndekha polemba lamulo, kuti dandaulo lake lionekere pa galasi m'malo mopita m'buku. Inalemba mawu a Chingerezi akuti "No space left on device," kutanthauza kuti malo osungira zinthu atha. Mapepala ndiwo anali atatha. Disiki ya makinawo, imene ili ngati chipinda chosungiramo zonse, inali itadzaza mpaka pakhomo. Wosunga nkhokwe akamadzuka amayamba walemba kafayilo kakang'ono konena kuti iye wafika pa ntchito, ndipo popeza panalibe malo ngakhale a kafayilo kameneko, ankangobwerera kukagona.

Mnyamata uja nkhope inawala. "Ngati vuto ndi malo, ndaona kale pochotsa," anatero. Anandionetsa foda ina m'kati mwa nkhokwe, dzina lake pg_wal, yodzaza ndi mafayilo a mayina a manambala ataliatali, iliyonse yolemera mamegabaiti 16. Anati anayesa kutsegula imodzi napeza zilembo zopanda tanthauzo, motero ankaganiza kuti ndi zinyalala. Chala chake chinali kale pa batani lofufutira.

"Aphunzitsi, chotsani dzanja pamenepo," ndinatero, ndipo ndikhulupirira kuti mawu anga anakwera kuposa mmene ulemu umalolera.

Ndikufuna kuti pano tichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene sukuluyo inatsala pang'ono kutaya zonse. Taganizirani mayi wogulitsa pa kantemba. Makasitomala akachuluka, iye alibe nthawi yotsegula buku lalikulu la ndalama ndi kufunafuna tsamba la munthu aliyense. Amalemba msanga m'kabuku kakang'ono ka m'thumba: uyu watenga shuga pa ngongole, uyu wabweza makwacha khumi. Madzulo, kukakhala bata, amakopera zonse m'buku lalikulu. Tsono tinene kuti kandulo yazima iye atakopera theka lokha. Kodi ndalama zake zasokonekera? Iyayi. M'mawa adzatsegula kabuku kaja, adzapeza pamene analekezera, nadzamaliza kukopera. Koma mwana wina akatenga kabukuko usiku n'kukolezera mbaula, poganiza kuti ndi mapepala achabe, buku lalikulu lidzatsala theka loona ndi theka lonama, ndipo palibe amene adzadziwe kuti loona ndi liti.

Wosunga nkhokwe amagwira ntchito chimodzimodzi. Chilichonse chimene mwamuuza amayamba wachilemba m'kabuku kakang'ono, ndipo pambuyo pake amachikopera m'makaundula aakulu. Foda ija ya pg_wal ndiyo kabuku kameneko. Magetsi akazima mwadzidzidzi, ndi mafayilo omwewo amene amapulumutsa nkhokwe. Mnyamata uja sanali woyamba kunyengeka. Kale fodayo inkatchedwa pg_xlog, ndipo anthu ambiri m'mayiko osiyanasiyana, poona mawu akuti log m'dzinalo, ankaifufuta poyesa kuti ndi buku la mlonda chabe. Vutoli linakula kotero kuti m'chaka cha 2017 opanga PostgreSQL anasintha dzina la fodayo.

Musaganize kuti ngozi zotere zimagwera anthu osaphunzira okha. Pa 31 Januwale 2017, katswiri wina wa kampani ya GitLab, imene imasungira anthu a m'mayiko ambiri ntchito zawo za pa kompyuta, anali kukonza nkhokwe usiku atatopa. Kampaniyo inali ndi nkhokwe ziwiri, yaikulu ndi yothandizira. Iye anafuna kufufuta zinthu za mu yothandizira, koma lamulo lake analilemba pa yaikulu. Pamene anazindikira, zinthu zolemera pafupifupi magigabaiti 300 zinali zitapita. Atathamangira ku makope amene ankakhulupirira kuti alipo, anapeza kuti njira zawo zambiri zokopera zinali zitaleka kugwira ntchito popanda wina kudziwa. Anapulumukira pa kope limodzi limene linatengedwa maola asanu ndi limodzi ngoziyo isanachitike, ndipo ntchito za anthu za maola amenewo zinatayika. Chimene ndimawayamikira n'chakuti sanabise. Anafotokozera dziko lonse mmene analakwira.

Tibwerere ku ofesi yathu ya ku Chazanga. Ndinafunsa aphunzitsi aakulu ngati anali ndi kope la nkhokwe yawo. Anatulutsa kafulashi m'kabati, ndipo titakayang'ana tinapeza kuti kope lomaliza linali la mwezi wa Meyi. Motero tisanakhudze chilichonse, tinakopera nkhokwe yonse, monga momwe inalili, pa disiki ina ya m'manja imene ndinabwera nayo. Zimenezi zinatidyera mphindi zambiri, ndipo aliyense ankayang'ana babu la kudenga, poopa kuti magetsi angapite nthawi iliyonse. Koma munthu amene ali ndi kope angathe kulakwitsa pokonza n'kuyambiranso, pamene wopanda kope ali ndi mwayi umodzi wokha.

Kenaka tinafufuza chimene chinadzaza disiki. Sizinali za m'nkhokwe ayi. Anali makanema. Chaka chimenecho dziko lathu linakwanitsa zaka 60 lili pa ufulu, ndipo ana a pa sukuluyo anavina, anaimba ndi kuchita masewero. Aphunzitsi angapo anajambula zonsezo pa mafoni awo, ndipo Lachisanu aliyense anakopera makanema ake pa seva, poti ndiyo kompyuta yaikulu ya pa sukulu. Kanema mmodzi wa gule anali wolemera kuposa mayina ndi malikisi a ana onse pamodzi. Disiki inadzaza masana, wosunga nkhokwe anagwa, ndipo posakhalitsa magetsi anapita. N'chifukwa chake onse ankaloza chala magetsi, chonsecho wolakwa weniweni anali ataloweratu m'nyumba magetsi asanazime.

Makanemawo sitinawafufute, pakuti nawonso ndi chuma cha ana. Tinawasamutsira kwina, ndipo malo anapezeka. Ndinaidzutsanso pulogalamu ija. Ulendo uno logi inayamba kulemba. Inanena kuti nkhokwe sinatsekedwe bwino, ndipo kuti yayamba kudzikonza yokha. Inali kuwerenga kabuku kaja kakang'ono ndi kumaliza kukopera. Makompyuta a mu ofesi ankakanabe, ndipo ndinaona dzanja la mnyamata uja likusendera ku batani lozimitsira. Ndinamuuza kuti adikire. Nkhokwe ikamadzikonza imatseka khomo kwa onse kufikira itamaliza. Yaing'ono imatenga kamphindi, yaikulu ingatenge nthawi yaitali, ndipo woizimitsa pakati amangoibwezera m'mbuyo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinadekha, ndipo pa logi panatuluka mzere wonena kuti nkhokwe yakonzeka kulandira ofuna kulankhula nayo.

Aphunzitsi aakulu sanakhulupirire mawu anga okha, ndipo anachita bwino. Anakhala pansi natchula mayina a ana asanu a m'makalasi osiyanasiyana, ndipo onse anapezeka ndi malikisi awo. Koma sizinabwerere zonse. Malikisi a masamu a Giredi 6, amene aphunzitsi ena ankalowetsa Lachisanu masana pamene disiki inadzaza, sanapezeke, chifukwa sanafike ngakhale m'kabuku kakang'ono. Mwamwayi mapepala a mayeso anali akadali m'kabati, ndipo anawalowetsanso tsiku lomwelo.

Aphunzitsi amene mumayang'anira makompyuta, disiki yodzaza ndi chimodzi chabe mwa zifukwa zimene zimaletsa seva kudzuka. Nditchuleko zina zimene ndakumana nazo. Mukumbukira kafayilo kaja konena kuti wosunga nkhokwe wafika pa ntchito? Dzina lake ndi postmaster.pid. Pulogalamu ikatsekedwa bwino imakachotsa, koma magetsi akazima mwadzidzidzi kamatsala. Kawirikawiri pulogalamu imazindikira yokha kuti ndi kakale, koma nthawi zina imanyengeka n'kuganiza kuti mnzake ali kale m'kati, ndipo imakana kulowa, pakuti osunga awiri m'nkhokwe imodzi angaononge zonse. Kafayilo kameneka mungakachotse pokhapokha mutatsimikiza kuti palibedi wina amene akugwira ntchito m'katimo.

China ndi khomo. Pulogalamu iliyonse yotumikira ena imamvetsera pa khomo la nambala yake: PostgreSQL pa 5432, MySQL pa 3306. Ngati wina waika pulogalamu yachiwiri imene yakhala kale pa khomo lomwelo, yoyambayo imalephera kudzuka. Nthawi zina munthu amasintha fayilo ya malangizo n'kulakwitsa chilembo chimodzi. Pamenepo funso lothandiza ndi lakuti, kodi chinasinthidwa n'chiyani dzulo? Nthawi zinanso mafayilo akakopedwa kuchokera kwina, mwini wake amasintha, ndipo pulogalamu imaletsedwa kutsegula nkhokwe yake yomwe. Choopsa kuposa zonse ndi disiki yokalamba imene yayamba kufa. Mukamva ikulira mwachilendo, kapena logi ikanena kuti yalephera kuwerenga mbali ina, lekani kuyesayesa, zimitsani bwino, ndipo itanani wodziwa. Zonsezi zili ndi mankhwala osiyana, ndipo mankhwala a chimodzi angaphe chinzake. Chimene chimakuuzani kuti mwakumana ndi chiti ndi logi.

Ndisanachoke pa sukulu paja ndinayang'ana pansi pa tebulo ndi kupeza kabokosi kakuda kotchedwa UPS. M'kati mwake muli batire, ndipo ntchito yake ndi kupatsa makina mphamvu ya mphindi zochepa magetsi akapita, kuti munthu apeze nthawi yozimitsa bwino. Batire lake linali litafa kalekale, ndipo kabokosiko kanali kungosunga fumbi. Aphunzitsi aakulu analonjeza kugula lina. Tinagwirizananso kuti Lachisanu lililonse kope la nkhokwe lizitengedwa ndi kusungidwa kunja kwa ofesi, ndi kuti kamodzi pa temu kopelo liziyesedwa pa kompyuta ina kuti aone ngati likutsegukadi. Iwo analembanso chikalata ndi dzanja lawo nachimata pa makinawo, choletsa kuikamo makanema ndi nyimbo.

Tsopano, aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa muchite masewera awa ndi ana anu. Sankhani mwana mmodzi akhale wosunga nkhokwe, ndipo mumupatse kapepala kakang'ono ndi mbali imodzi ya bolodi. Ana khumi abwere mmodzimmodzi kudzamuuza dzina ndi nambala iliyonse. Iye alembe msanga pa kapepala, ndipo onse akatha ayambe kukopera pa bolodi. Akafika pakati, inu muombe m'manja ndi kunena kuti magetsi apita, ndipo iye akakhale pansi. Itanani mwana wina adzamalize ntchitoyo ali ndi kapepala kaja m'manja. Kenaka bwerezani masewerawo ndi ana ena khumi, koma ulendo uno mubise kapepalako, ndipo muone ngati kalasi lonse lingagwirizane pa manambala amene akusowa. Ana alembe m'makope awo zimene zachitika pa maulendo awiriwo, mzere ndi mzere, pamodzi ndi nthawi yake, monga mmene logi imalembera.

Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomweyino. Tsalani bwino, ana inu, ndi inu aphunzitsi.